Ulusi Wofiira

Magetsi anali atazima kuyambira madzulo,
Mchini yense ali zii,
pamene kulira kwako kunang'amba usiku
ngati nsalu yakale yokodwa pamsomali.
Ndinatuluka wopanda nsapato,
Yotamu pambuyo panga ndi tochi ya pafoni.
Tinangoona mchira wa vumbwe
ukulowa pansi pa mpanda wa malata,
nthenga zikutera pang'onopang'ono pamasamba a mpiru.

Unali thapsa pafupi ndi mgolo wa madzi,
khosi litatseguka,
chithokomiro chikugunda poyera.

Amake Zelipa anasuzumira pampanda:
"Dulani isanazizire, aneba,
anyezi ndikupatsani."
Sindinawayankhe.
Sadziwa kuti unabwera m'thumba la jekete la a Shanzi,
kamwanapiye konyowa ndi mvula,
chikole cha makwacha makumi anayi
a yunifomu ya giredi wani.
Ndinakutcha Ngongole.
Ngongole saiphika.

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndasoka pakhonde ku Kapata:
madiresi a ukwati, nsalu zoyera za m'bokosi la maliro,
zigamba pamatako a mathalauza a anyamata a njinga,
koma nsalu yopuma ndinali ndisanasokepo.
Ndinawiritsa singano pambaula,
ndinatsuka bala ndi madzi ofunda a mchere.
Ulusi wakuda unatha Lachitatu,
wotsala unali wofiira, wa malaya a kwaya.
Yotamu anagwira mapiko atayang'ana kumbali.
"Gwira bwino tochi, iwe!"
Chikhalirecho onjenjemera anali manja anga.
Kasanu ndi kawiri singano inalowa ndi kutuluka,
diso lako lili pa ine,
osaphethira.

Unagona m'katoni ya sopo
pazidutswa za zitenje za anthu ena.
Madzi a shuga ndinkadonthetsa ndi chala pamlomo,
ambiri ankatsikira m'chigongono changa.
M'mawa uliwonse ndinkanunkhiza bala
kuopa mphutsi,
ndi kupirikitsa ntchentche ngati zandibera.
Kukusiya pakhomo sindikanatha.
Ndinakwera njinga katoni ili pamiyendo,
mnyamata wopalasa akuseka:
"Amayi, wodwalayu alipira yekha?"
Pansi pa makina unkawodzera
phazi langa likupondaponda pafupi ndi mutu wako.

Masiku atatu, gaga osamuyang'ana n'komwe.
Lachinayi lake Yotamu anathawa sukulu,
anabwera ndi chiswe m'chitini
kuchokera m'tsinde mwa Kanjala.
Ndinatsegula pakamwa kuti ndimukalipire,
iwe unajompha, unaphonya,
unajomphanso, unaphonya,
kachitatu chiswe chinapita.
Tsiku limenelo ndinasoka kolala chozondoka,
ndinaphwasula ndikuseka ndekha.

Ulusi ndinauchotsa ndi kalumo patatha sabata ziwiri.
Khosi lako linapendekera kumanzere,
umayang'ana dziko ngati kasitomala wokayikira mtengo.
Pachipsera nthenga zinakana kumera.
Mumtengo wa mango sukweranso,
dzuwa likapendeka umaima pakhomo la nyumba
mpaka wina atsegule.

Pansi pa mpanda ndinatseka ndi njerwa zisanu.
M'mawa wina ndimapeza mapazi ake m'fumbi,
ang'onoang'ono, oponda mosamala,
amafika panjerwa n'kubwerera.
Kapena naye ali ndi tiana m'phanga lina kuphiriko.
Ndimangosesa.

Dzulo a Shanzi anaima pakhonde langa,
mwana wawo wamtali tsopano, yunifomu ina,
anatambasula ndalama zopindapinda:
"Zija, amayi. Ndabwera kuwombola."
Iwe unali m'dengu la zidutswa,
utakhalira dzira lako loyamba chivulalire,
mutu uli chammbali, ukuwayeza.
Ndinabisa manja kumbuyo.
"Bukhu la chaka chimenecho," ndinatero,
"linadyedwa ndi makoswe."